Tsamba Lachisanu ndi Chinayi

Ine ndimabwera ndi mawu m'thumba la jekete,
olembedwa kuseri kwa malisiti,
ena pachikhatho, kombi ikamadumpha maenje a ku Mufakose.
Ruvarashe amabwera ndi mapensulo atatu
ndi labala woperepeseka ngati sopo wa kumapeto kwa mwezi.

Timakumana pamwamba pa sitolo ya mafoni
kufupi ndi Copacabana,
m'kachipinda ka zenera losatsekeka
momwe phokoso la oitanira makombi limalowa osaodira.

Nkhani yathu ndi ya mlonda,
Bambo Sikweya a ku Ntcheu,
olondera geti la ku Borrowdale zaka makumi awiri ndi zitatu,
agalu a bwana akudya nyama, iwo akuwotha makatoni.
Sindinamuuze Ruvarashe kuti ndi bambo anga.
Ndinangoti: mutu wadazi, jasi lofika m'mawondo, tochi yakufa.
Iye anawapatsa makutu otambalala.
Ndinayang'ana chithunzicho,
ndinagwira makutu anga, ndinakhala chete.

Tinayambana pa tsamba lachisanu ndi chinayi.
Kalata yafika kuchokera kumudzi:
mayi awo anaikidwa kale, sabata ziwiri zapitazo.
Ndinachezera usiku pa kandulo, magetsi atapita kwawo,
ndinalemba mizere khumi ndi umodzi,
mawu onona, oti ndi mwala womwe ukhetse msozi.
Iye anawerenga, natsonya.
"Baluni lalikulu chonchi,
nkhope ya munthu ndiika pati?"
Ndinati, popanda ine uzijambula chiyani, maluwa a jakaranda?
Anati, popanda ine ndiwe kalata ya ku khonsolo.
Ndinamenyetsa chitseko
mpaka mwini sitolo anasuzumira pamasitepe.

Masiku asanu ndi limodzi, foni zii.

Lachiwiri ndinabwererako, ati kukatenga ambulera.
Iye kunalibe. Patebulo panali tsambalo,
timabokosi tinayi tokha.
Koyamba, geti.
Kachiwiri, geti lomwelo, mthunzi utasendera pang'ono.
Kachitatu, dzanja likupinda kalata kanayi,
kuilowetsa m'sokosi.
Kachinayi, nyali za galimoto ya bwana,
dzanja lomwe lija lili pachipumi, likuchita sawasha.

Malo a baluni anawasiya, pakona,
bwalo laling'ono la pensulo, lopanda kanthu,
ngati mpando wosungira mlendo.
Ndinakhala pansi ndi mizere yanga khumi ndi umodzi,
ndinayesa uwu, ndinayesa uwo.
Kenaka ndinatenga labala wake uja.

Tinasindikiza makope makumi asanu ndi limodzi kwa a Gwatidzo,
makina awo akutsokomola, inki ikuthera panjira,
moti usiku wa m'masamba otsiriza unatuluka wotuwa ngati m'bandakucha.
Tinamanga tokha ndi sitepula yobwereka,
chala changa chikadali ndi timabowo tiwiri.

Loweruka ku msika wa Avondale,
pakati pa wogulitsa nsapato za kaunjika ndi mayi wa madengu,
tinagulitsa khumi ndi anayi.
Wina anafunsa ngati muli munthu wouluka.
Wina anati tiike pa foni, aziwerenga ulere.

Dzuwa litapendeka kunabwera wolondera magalimoto,
chibonga m'khwapa, yunifolomu yosuwa m'mapewa.
Anatsegula, kunyowetsa chala, kutsegula,
nafika pa tsamba lija. Anaima.
Galimoto ina inaliza hutala, iye osacheuka.
Sanagule.
Anandibwezera ndi manja awiri
nanena m'chinenero cha bambo anga,
"Zikomo, achimwene. Zimakhaladi choncho."

Ruvarashe sanamve mawuwo,
koma anaona nkhope yanga, nayamba kusongola pensulo.

Ndalama tinagawana pa basi sitopu,
yotsala yosagawika tinagula chimanga chootcha, tinathyola pakati.
Pachikuto dzina langa lili pamwamba pa lake.
Buku lachiwiri ndamuuza kuti tisinthane.
Wakana. Akuti ndiyambe ndafupikitsa tsamba lachitatu.